Chitenje cha m'chiuno mwa amalume

Ndikukumbukira Lolemba lina la mwezi wa Januwale, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Kalata yondiitana ku giredi 8 inanena mosabisa kuti mwana amene sadzaonekera pasukulu pofika folo koloko ya tsikulo, malo ake adzapatsidwa wina. Sukuluyo inali yogonera komweko, kutali ndi kwathu ku Kavalamanja, kupitirira ulalo wa Luangwa, m'mapiri a panjira ya ku Lusaka. Ine ndi amayi tinafika ku Boma m'mawa, koma basi imene tinkadalira inali itafa. Amayi anayendayenda pamsika mutu uli m'manja, kenako anakadandaulira alongo awo, amalume a Zuze, amene ankanyamula nsomba zouma panjinga yamoto kukagulitsa ku ulalo.

Amalume anavomera. Anamanga sutikesi yanga ndi ndowa kumbuyo ndi malegeni, n'kundiveka chipewa cholimba chimene chinkanunkha nsomba ndi thukuta. Koma panali chinthu chimene iwo sankachiganizira. Mwezi wapitawo ndinali nditatha msinkhu, ndipo alangizi anandikhazika m'nyumba masiku angapo. Pa zonse zimene anandiuza, ziwiri zinandikhala mumtima: mtsikana wamkulu sagwira thupi la mwamuna, kaya ndi bambo ake kaya amalume, ndiponso sakhala miyendo ili uku ndi uku ngati mnyamata. Ine ndinali mwana wofuna kuti aliyense azinena kuti Tereza amamva. Choncho ndinakhala cham'mbali, miyendo yonse kumanzere, manja nditagwira chitsulo chakumbuyo.

“Gwira ine, iwe,” anatero amalume akuliza injini.

“Ndagwira, amalume,” ndinayankha. Sanacheuke, ndipo tinanyamuka.

Poyamba msewu unkatsata mtsinje. Kumanja Luangwa anali wodzaza, madzi ali ofiira ndi matope a mvula, ndipo kutsidya kunkaoneka mapiri a ku Mozambiki kumene agogo anachokera. Tinadutsa malambe, mitengo ya masau, mbuzi zogona patala. Ine zonsezi ndinkangoziona ndi diso limodzi. Linalo linali pa wotchi ya amalume, imene inkangoonekera ndi kubisika m'mkono wa jekete. Mtima sunakhale pansi. Ndinkangoona m'maganizo mtsikana wina wosam'dziwa akuyala bulangete pabedi limene likanakhala langa.

Titadutsa pa ulalo, pamene azimayi amagulitsa nsomba zowamba ndi madengu, msewu unayamba kukwera. Unkapota ngati njoka yothawa moto. Mbali ina thanthwe, mbali ina phompho lodzaza mitengo yobiriwira, pansi penipeni mtsinje utasanduka kaulusi. Mphepo inazizira, makutu anatseka. Pokhota paliponse amalume ankapendekera mkati pamodzi ndi njinga, ndipo thupi langa linkafuna kugwera pamsana pawo. Pofuna kuti ndisawakhudze, ndinkadzikokera kwina ndi mphamvu zanga zonse. Njinga inkagwedezeka. Kawiri konse anafuula kuti, “Kumbuyoko kuli bwino?” Kawiri konse ndinati kuli bwino.

Kenako panabwera potsetsereka pokhota kwambiri. Lole yaikulu inatulukira ikukwera, itadya mbali ina ya njira yathu. Amalume anapendekera kumanzere kuti aipewe, ine ndinadzikokera kumanja. Njinga inakana kukhota. Ndinamva matayala akukhwekhwereza pamiyala ya m'mbali, kenako tinali pansi, fumbi m'kamwa. Ndowa yanga inaduka pamalegeni, n'kugubuduzika kutsika phompho, ikulira mpaka kuleka kumveka. Pamene panaimira tayala lakutsogolo, panatsala malo oti mbuzi imodzi n'kugona basi kuti ligwere m'phompho.

Amalume anadzuka chigongono chikutuluka magazi. Anandiyang'ana mutu mpaka kumapazi, n'kuona kuti ndangosupuka bondo. Anaimiritsa njinga, anayang'ana matayala, mabuleki, katundu.

“Njinga iyi ndayenda nayo ndi matumba atatu a nsomba, sinandichitepo zimenezi,” anatero. “Ndani akulimbana nane kumbuyo kuno?”

Ndinayang'ana pansi. Wotchi yawo inkati hafu pasiti thuu.

“Tereza, ngati sukamba, tibwerera. Sindingakapereke mtembo kwa mlongo wanga chifukwa cha sukulu.”

Mawu akuti tibwerera anandiwawa kuposa bondo. Nkhani za m'nyumba ya alangizi sauza mwamuna, zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinkadziwanso kuti ndikapitiriza kukhala chete, mawa ndidzakhala ndikupala mamba a nsomba padooko, kalata ija ili m'sutikesi. Ndinanena mawu otsika kwambiri moti anachita kuwerama kuti amve.

“Anati ndakula. Anati ndisamagwire amuna. Ngakhale inu.”

Ndinkayembekezera kuti amalume andikalipira kapena andiseka. Anangopukusa mutu, n'kufunsa kuti, “Alangizi akowo anakwerapo njinga yamoto m'mapiri muno?”

“Sindikudziwa, amalume.”

“Ine ndikudziwa. Amaopa ngakhale wilibala.” Anaseka pang'ono, kenako nkhope inabwerera. “Sanalakwe kukulangiza. Walakwa ndiwe, kundiuza kuti wagwira pamene sunagwire. Ukanakamba ku Boma, tikanapeza nzeru ku Boma. Tsegula sutikesi.”

Anatulutsa chitenje chatsopano chimene amayi anandigulira, chamaluwa achikasu. Anachipota, anachimanga m'chiuno mwawo pamwamba pa jekete, n'kusiya nsonga ziwiri zazitali kumbuyo, iliyonse ndi mfundo yake.

“Manje gwira apa ndi apa. Ukugwira chitenje cha amako, osati ine. Khala ngati mmene ndakhalira ine, chitenje wavalacho chikuphimba mawondo, palibe adzaona kanthu. Nsalu ikakukokera kumanzere, pita kumanzere. Usaganize. Ndipo chikavuta, kamba.”

Tinanyamukanso. Pokhota poyamba ndinatseka maso, nsalu inakoka, ndinaitsatira. Njinga inadutsa mosalala ngati bwato lotsika ndi madzi. Pokhota pachitatu ndinatsegula maso, ndipo ndi pamene ndinaona bwino mapiri aja, atasanjikizana mpaka kusanduka obiriwira motuwa kutali, mthunzi wa mitambo ukuyenda pamwamba pake. Patsogolo pang'ono ndinamva sutikesi ikutsetsereka. Ndinafuula, “Amalume, katundu!” Anaima, anamanganso, ndipo ndinaona kuti akumwetulira.

Tinalowa pachipata cha sukulu kutatsala mphindi zochepa. Mphunzitsi wolemba maina anayang'ana bondo langa, anayang'ana bambo wamkulu wovala chitenje chamaluwa m'chiuno, n'kufunsa dzina langa. Teremu yonse ndinkabwereka ndowa kwa anzanga.

Tsopano ndimagwira ntchito ya zaumoyo, ndipo njinga yamoto ndimayendetsa ndekha popita kumidzi. Ndinazindikira kuti tsiku lija chimene chinatsala pang'ono kutiponya m'phompho sichinali mwambo, koma mantha anga oopa kuvutitsa munthu ndi mawu. Amene amangoti zili bwino kuti asakhumudwitse woyendetsa, ndiye katundu wolemera kuposa matumba a nsomba.

Mwezi watha ndinanyamula apongozi anga aamuna kupita nawo kuchipatala. Anaima pambali pa njinga akuyang'ana kumwamba, manja ali kumbuyo, akuti angayende wapansi. Sindinawafunse chifukwa. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinachimanga m'chiuno, n'kuwapatsa mfundo ziwiri.