Lezala la Azakhali

Ndikukumbukira chilimwe chimene azakhali anga a Edina adafika kwathu ku Ndunde atakoleka paphewa chikwama chachikopa cholemera ngati mwana. Iwo ankagwira ntchito ku wayilesi ya boma, ku nthambi ya ku Mzuzu. Ankayenda m'midzi ya kumpoto kujambula mawu a alimi, matepiwo n'kumawatumiza pa basi ku Blantyre kuti akaulutsidwe. Kwa ife ana, munthu ameneyu ankakhala m'kati mwenimweni mwa wayilesi. Atatsika minibasi, tidamuperekeza gulu lonse mpaka pakhomo, tikulimbirana kugwirako lamba wa chikwamacho.

Ine ndidali mwana wachibwibwi. Mawu ankafika pakhosi n'kuima, ine maso tong'o, phazi likumenya pansi. Kusukulu aphunzitsi ankandidumpha pofunsa mafunso, mwina pondimvera chisoni. Mayi wina wa kutchalitchi adauzapo amayi kuti kamtsempha ka pansi pa lilime langa n'kofunika kudula. Amayi adangoti amva, koma ine nkhaniyo ndidaisunga mumtima.

M'mawa mwake azakhali adatitsata kudimba. Ankafuna mawu a mwana wothandiza makolo kuthirira ndiwo zamasamba, oti akaike m'pulogalamu ya alimi. Adatsegula chikwama chija, tidaona makina okhala ndi timawilo tiwiri ndi tepi yofiirira, yopyapyala ngati tsamba louma la nthochi. Kudimba kunkanunkhira dothi lonyowa ndi masamba a tomato. Mkulu wanga Joni, yemwe pakamwa pake sipankauma, adali atasamba kale kumaso n'kuima kutsogolo.

"Iwe ndakumva kuyambira dzulo," adatero azakhali. "Ndikufuna uyu wagwira keniyu. Lusiyano, tabwera."

Joni adaseka. "Azakhali, tepi yanu ithera pa dzina lokha!"

"Tepi ndi yako?" adatero azakhali. "Lusiyano, usaope mwanawe. Iwe ungolankhula. Pomwe pakukanikapo ndidula ndi lezala."

Sindidadikire zambiri. Keni ndidaitaya pomwepo, madzi khwaa pa kabichi, ine liwiro kukalowa m'munda wa nandolo, dzanja lili pakamwa. Ndidakhala m'menemo linthumbu likundiluma m'miyendo, koma osayerekeza kutuluka.

Azakhali adandipeza okha. Atamvetsa chomwe ndinkathawa, adaseka mpaka kukhala pansi, nsalu yawo yabwino ija ili m'fumbi. Kenako adatulutsa lezala m'kabokosi ka machesi ndi kachidutswa ka tepi yakale. Adadula pawiri mopendeketsa, kapakatiko n'kutaya, mbali ziwirizo n'kulumikiza ndi kapepala koyera komata.

"Waona? Ndimadula ichi, osati lilime la munthu. Ku Mzuzu ndadulapo chifuwa cha mlangizi wamkulu, mpaka lero sadziwa kuti adatsokomola."

Tidabwerera kudimba. Adandiyandikizira maikolofoni, timawilo tija tidayamba kuzungulira. Mawu oti ndinene adali ochepa, koma ndidalimbana nawo mpaka thukuta kutsika mumsana. Pa liwu loti kabichi ndidaima nthawi yaitali. Chomwe chidandidabwitsa n'choti azakhali sadandimalizire mawu monga ankachitira anthu onse. Ankangondiyang'ana, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Atabwerera kumpoto, Loweruka lililonse masana bambo ankatulutsa wayilesi pakhonde. Masabata adapita, chimanga chakudimba mpaka chidamasula. Joni ankati makina adatsamwa. Ine tulo tinkandivuta: bwanji ngati lezala lalephera, dziko lonse n'kumva ndikumenyana ndi kabichi?

Tsikulo lidafika mosayembekezera. Padali anthu ambiri ndithu, chifukwa bambo adali atauza mudzi wonse kuti anthu azibwera Loweruka lililonse. Che Amidu a pagolosale, omwe tinkagulako mabatire, adabwera ndi mpando wawo. Itatha nyimbo, tidamva mawu a azakhali akuti ali ku Chiradzulu, kenako phokoso la madzi akutuluka m'keni. Kenako mwana wina adalankhula:

"Ine ndine Lusiyano wa ku Ndunde. Ndimathirira kabichi m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Ndikamaliza ndimapita kusukulu."

Mawu osalala, oyenda ngati madzi m'ngalande. Ndidatembenuka kufuna kuona mwini wake. Amayi adaimba nthungululu, mbale ya nyemba yomwe ankasankha idagubuduka. Ana anzanga ankadumpha akundikoka malaya. Mawuwo adali angadi, ndipo aka kadali koyamba kuwamva athunthu.

"Ha! Kumpotoko kuli mankhwala!" adatero Che Amidu. "Mwanangu, tanenanso tione ndi maso."

Ndidaimirira. Dzina lidatuluka bwino. Ndunde adatulukanso. Pa kabichi ndidaima monga kale, ka-ka-ka, ndipo Joni adayamba kufwenthera kuseka.

"Iwe Joni, tseka pakamwa," adatero bambo, osakweza mawu. "Wa pa wayilesi akulankhula."

Adadikira onse. Kabichi adatuluka, ndipo ndidamaliza mpaka kusukulu. Che Amidu adawomba m'manja n'kunena kuti mankhwalawo ndi abwino, kungoti ndidamwa theka. Lolemba lake ndidakweza dzanja m'kalasi, aphunzitsi adachita kuyang'ana kawiri.

Lero ndili ku Mzuzu komweko, pa ntchito yokonza mawu asanaulutsidwe. Azakhali adapuma kalekale. Matepi adatha, timadula pa kompyuta, ukalakwitsa umabweza popanda kutuluka thukuta. Mwana wa ku Ndunde akafuna kudzimva amangotenga foni ya amayi ake, ndipo palibe amanyamula mpando kukamvera. Chibwibwi changa sichidathe, chimabwera ndikatopa. Koma tikapita kumidzi ya ku Rumphi kapena ku Chitipa, mlimi n'kukakamira pakati pa mawu, anyamata omwe ndimayenda nawo amayamba kuyang'ana wotchi. Ine ndimawakodola kuti akhale chete. Kudula n'kosavuta, tikadula kuofesi. Munthuyo ayambe wamaliza.