Mayi Nyundo a ku Shedi ya Miyala

Dzina loti Mayi Nyundo anawapatsa ndi amuna a mu shedi ya osema miyala, ndipo poyamba linali lachipongwe. Mayiwa analowa mu shedimo ngati mkazi wa munthu basi. Amuna awo ankasema, iwo n'kumakhala pambali ndi beseni la madzi ndi sanipepa, kukwecha zosemazo mpaka zala kusupuka, kenako kuzitenthetsa pamoto ndi kuzipaka phula kuti mwala uwale. Bambowo atamwalira ndi chifuwa, abale ankayembekeza kuti zitsulo zawo zigulitsidwa. Koma maliro atangotha, mayiwa anatulukira mu shedi atasenza nyundo ndi matchizulo a malemu m'thumba la simenti.

"Alamu, mwabwera kudzatiphikira tiyi?" anafunsa mng'ono wa malemu, yemwe anali wapampando wa bungwe la osemawo.

"Ndabwera kudzasema. Tiyi aliyense ali ndi manja."

Amuna anaseka mpaka kutsokomola, koma malo anawapatsa, pakona pomwe malata ankadontha.

Shediyo inali kuseri kwa galaja yomata matayala. Pansi pake panali fumbi lotuwa lofika m'akakolo, ndipo munthu akatulukamo madzulo ankaoneka ngati wagwera m'thumba la ufa. Bungwe linali ndi mwambo wake. Miyala ankaitanitsa pa lole imodzi n'kugawana, koma mwala usanathe kusemedwa unkakhalabe wa bungwe. Mwala ukakhala waukulu, aliyense ankasiya chake kudzakankha nawo, ngakhale amene munayambana naye dzulo. Wina akadwala, anzake ankamumalizira ntchito. Ankanyozana kuyambira m'mawa, makamaka mkulu wina wotchedwa Kadzidzi, amene moyo wake wonse ankasema akadzidzi okhaokha mpaka nkhope yake inayamba kufanana nawo.

Mayi Nyundo sankasema nyama. Ankasema akazi ali pantchito, wina akufinya chovala, wina akumanga mwana kumbuyo, wina atangokhala chifukwa cha kutopa. Ogula ankaima nthawi yaitali pakona yodontha ija, ndipo dzina lachipongwe lija linasanduka laulemu. Mwana wawo wamkazi anamuphunzitsa sukulu ndi nyundo yomweyo mpaka anapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala.

Kenako ogula anayamba kuchepa. Wamalonda amene ankatenga katundu wambiri kukagulitsa kunja anangosiya kubwera, foni osayankha. M'masitolo a m'tauni munadzaza tizidole ta pulasitiki topakidwa utoto ngati mwala, topepuka, tosavuta kuika m'chikwama. Zosema zinayamba kuunjikana kumpanda, udzu n'kumera pakati pake. Wina anapita kukakhala mlonda, wina kukaitanira mabasi. Kadzidzi anagona m'chipatala ndi chifuwa chomwe chija, osadzukanso.

Pobwera ku maliro ake, wapampando anaitanitsa msonkhano. Anthu anakhala pa miyala yosasema, ena pa wilibala.

"Anzanga, tisanamizane. Zokongola palibe akuzifuna. Tiyambe kupanga ziliza."

"Ziliza? Ndiye tikhala osema kapena adzukulu akumanda?" anatero Mayi Nyundo.

"Alamu, alendo anasiya kubwera, koma anthu sanasiye kufa. Kasitomala ameneyo sathawa."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano mokha. Pokweza manja, dzanja lokana linali limodzi, la mayiwa.

Bungwe linagula makina odulira miyala, ndipo shedi inasintha mawu. Kale munkamveka kugogoda kwa nyundo, aliyense ndi kamvekedwe kake, moti ukanadziwa amene sanabwere usanalowe n'komwe. Tsopano kunali kulira kwa makina kokhakokha, fumbi tolo ngati utsi, anthu n'kumalankhulana ndi manja. Popeza dzanja la Mayi Nyundo silinkanjenjemera, anawapatsa ntchito yolemba mayina pa ziliza. Tsiku lonse ankagoba mayina a anthu osawadziwa, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, ndi mawu omwewomwewo oti muuse mumtendere.

Kuseri kwa shedi anali atasiya mwala wakuda wautali ngati munthu. Anali atatulutsamo kale mapewa ndi msana wa mayi wowerama, ndipo ankadziuza kuti zinthu zikadzasintha adzaumaliza. Tsiku lina atachokera kuchipatala kokapimitsa chifuwa, anapeza pamalopo pangotsala udzu wofota. Mwalawo unali pa makina, utadulidwa kale mapale anayi osalala.

"Alamu, oda inali yachangu, ndipo lole sinabwere," anatero wapampando, maso ali pansi. "Mwala ndi wa bungwe, mukudziwa."

Ankadziwadi. Lamulo limenelo analikwezera dzanja iwo omwe zaka zapitazo, ndipo linawadyetsa nthawi zambiri. Sanakalipe. Anakhala pansi, natenga tchizulo, nalemba dzina la womwalira pa phale loyamba.

Adokotala anali atawauza kuti mapapo adzaza fumbi, ndipo fumbi la mwala likalowa silituluka. Anapitirizabe kugwira ntchito atamanga kansalu kukamwa, mpaka tsiku limene anakomokera pa chiliza cha munthu wina. Mwana wawo anabwera kudzawatenga, nakawasunga m'chipinda chake cha lendi, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masitepe a nyumbayo anawakwera kamodzi, osawatsikanso.

Anzawo a bungwe anabwera kudzawaona Lamlungu lina, atasamba, atavala malaya oyera, koma fumbi likuonekabe m'zikhadabo. Anadzazana m'kachipindako, ena pabedi, ena chiimire. Anakamba za mitengo ya mafuta, za malata atsopano amene aika pakona yodontha ija, za mphwake wa wapampando amene tsopano akulemba mayina ndi kamakina, mofulumira kwambiri. Nkhani zitatha, wapampando anakonza kukhosi, nazunguza chipewa m'manja.

"Alamu, bungwe linakhala pansi. Tinagwirizana kuti inu mwatigwirira ntchito yaikulu. Ndiye tsikulo likadzafika, osati tikulifuna ayi, chiliza chanu tidzapanga ife. Mwanayu asadzavutike."

Mwana uja anatuluka m'chipindamo mbale ili m'manja. Mayi Nyundo anawayang'ana amunawo mmodzimmodzi. Panalibe amene ankachita chipongwe. Anabwera ndi mphatso yokhayo imene inatsala m'manja mwawo, ndipo awiri mwa iwo ankatsokomola chifuwa chimene mayiwa ankachidziwa bwino.

"Zikomo, alamu. Mukathokoze onse," anatero.

Alendo akutsika, mayiwa anamva mapazi awo akuima pakati pa masitepe kuti apume. Anaitana mwana wawo kuti awatembenuzire kukhoma, chifukwa kuwala kwa pawindo kunkawapweteka m'maso.