Ankhoswe ndi Mfuti ya Bambo

Titakhazikika ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, bambo anagula mfuti yosakira nyama. Anzawo a kuntchito ankapita kukasaka agwape masamba akayamba kuyoyoka, ndipo iwo sanafune kutsalira. Sanabwereko ndi nyama ngakhale kamodzi. Mfutiyo inangokhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, kuchipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira.

Kenako anavulala msana ponyamula katundu, ntchito n'kutha. Analeka kumeta ndevu, analeka kupita kutchalitchi, nayamba kutsikira kuchipinda chija kukakhala okha. Tsiku lina anauza amayi kuti ife tingakhale bwino popanda iwo. Amayi anapempha kuti mfuti ichoke m'nyumba, bambo n'kukana. Pamenepo amayi anachita chimene analangizidwa pokwatiwa: anaitana ankhoswe.

Ankhoswe enieni ali kumudzi. Athu a kuno ndi akulu awiri a mumpingo, anthu a masuti, amene sakana udindo uliwonse wokhala ndi mpando ndi chakudya. Anafika Lamlungu masana kuchokera ku tauni yoyandikana nafe ya Mississauga, namva nkhani ya moyo wa munthu ngati mkangano wa ndiwo.

"Mlamu, katundu wa bambo ndi wa bambo," anatero wamkulu mwa awiriwo. "Lero mwati mfuti, mawa mudzati galimoto."

Mnzawo anawonjezera: "Komanso mwamuna sangokhala chete. Mwadzifunsa kuti mwawalakwira chiyani?"

Ndinagwada, ndinapepesa, n'kunena zimene tinaphunzira kukoleji: kuti kumene mfuti zachuluka m'nyumba, odzipha amachulukanso. Sikuti anthu akumeneko ndi osweka mtima kuposa ena. Maganizo otere amabwera n'kupita, koma mfuti siyembekezera kuti apite.

Wamkulu uja anaseka mpaka kuvula magalasi. "Achimwene, mwana mwamutumiza kusukulu kuti adzatiitanire maliro? Iwe mtsikana, zimenezo n'za azungu. Munthu wa ku Dedza, woimba kwaya, adziphe? Ife timapemphera."

Ndi omwewa amene pamaliro a mnyamata wina wa mumpingo analengeza kuti anadwala mwadzidzidzi, tonse tikudziwa zoona zake. Ndipo masana onsewo panalibe amene anatembenuka kufunsa bambo kuti akumva bwanji. Bambo anali pomwepo, maso ali pansi, anthu akuteteza ulemu wawo ngati kuti mwini ulemuyo anachokapo kale.

Chigamulo chinali chakuti amayi apepese, mfuti ikhale. Wamkuluyo atati tiweramitse mitu, amayi sanawerame. Anatenga foni.

"Ndikuitana apolisi adzaitenge," anatero. "Inu akuluakulu khalani, mukhale mboni."

Sindinaonepo ankhoswe akupeza majekete mofulumira chotero.

"Mlamu, ife tili ndi ntchito zathu. Maina athu asamveke m'zimenezi."

Mmodzi anafika pagalimoto zingwe za nsapato zili zomasuka. Pemphero silinachitike.

Apolisi anabwera awiri. Anakhala pansi ndi bambo, nawafunsa mosabisa mawu ngati akuganiza zodzipha. Bambo anavomera ndi mutu, n'kutulutsa kiyi m'thumba la malaya. Mfuti inapita, ndipo bambo anapita kuchipatala pamodzi ndi amayi.

Lamlungu lotsatira mpingo wonse unali utamva kuti amayi anaitanira mwamuna wawo apolisi, chifukwa ankhoswe amene anaopa kuti maina awo angamveke sanaope kumveketsa la amayi. Azimayi ena anayamba kuwapatsa moni wa patali, ndipo mpaka lero sawaitana kukaphika pa zinkhoswe.

Bambo nawo anakwiya, osawalankhula amayi mpaka nyengo yozizira inatha, chipale chofewa n'kusungunuka. Ankakwera basi okha kupita kwa dokotala, pobwerako n'kumenyetsa chitseko. Ndinafunsa amayi ngati zimenezi sizikuwapweteka.

"Zikundipweteka," anayankha. "Koma asiye amenyetse. Ndikamva chitsekocho ndimadziwa kuti abwera."