Alamu ya pa geti yathu ku Kanyama

Muli bwanji monse. Mvelani va lelo.

Bamuna banga, bashi Mutale, banaganiza voika alamu pa geti. Balongosi banga ba Yona, baja bokonza mawailesi, banabwela na kagalasi kang'ono, ati ni reed switch, kamamva maginito mbali iliyonse. Bamuna banga, ba injiniya bathu, banaseka. Ati ivo ni vakale, kamasweka geti ikamenyeka. Beve banagula kena komva maginito, ati ni Hall sensor, ku tauni, kakuda ka miyendo itatu.

Ba Yona banati, "Mulamu, ako kamamva mbali imodzi chabe ya maginito. Yesani poyamba." Yankho inali yakuti, "Ninaonela pa foni."

Bashi Mutale banamata maginito pa geti chotembenuza, na guluu uja wosachoka. Geti yotseka, alamu ikulila. Yotsegula, ikulila. Maneba banathamanga na miyala kufuna kawalala, banapeza mwini nyumba akupala geti na mpeni wanga wa anyezi kuti achose maginito.

Manje ati maginito ili bwino, geti ndiye inapindika.

Mukuti bwanji? Tiike kagalasi ka ba Yona, kapena titembenuze geti yonse kuti ba injiniya basachite manyazi?