Duku Limene Ndinamanga Popita ku Chinhoyi

Ndinanyamuka pakomboni yathu m'mawa, kuzizira kwa ku Raffingora kukulowa mpaka m'mafupa. Duku ndinalimanga molimba mpaka makutu kuwawa, chifukwa pansi pake panalibe tsitsi. Tinali titameta maliro a achimwene anga a Lameki, ndipo mwana wawo Tariro, amene amaphunzira ku yunivesite ku Chinhoyi, tinali tisanamuuze kuti bambo ake tinawaika m'manda.

Kwathu timatero, mwana akakhala pa mayeso maliro timamubisira. Akuluakulu anagwirizana mtembo usanatuluke n'komwe m'nyumba kuti asauzidwe, angalephere. Tariro ndi woyamba kufika ku yunivesite mwa ife tonse, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzalima fodya wa azungu. Mapulazi atagawidwa tinatsala a maganyu, ndiye maso a komboni yonse ali pa mwana ameneyu. Nthawi ya mayeso itatha, mayi ake anali akadali ofooka ndi chisoni, choncho ntchito yokanena inagwera ine, azakhali ake. Iye amanditchula kuti tete, monga amachitira ana obadwira kuno.

Pamsewu ndinaimitsa lole yodzaza mabelo a fodya yopita kumsika ku Harare. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Kumbuyo kuli mabelo, kutsogolo kuno kuli apongozi anga. Musankhe nokha, amayi."

Ndinayang'ana nkhope ya apongoziwo, ndinasankha mabelo. Ndinapereka dola imodzi n'kukwera. Msewu wopita ku Banket ndi wa phula dzina lokha, maenje ake mbuzi ikhoza kubisalamo. Tinadutsa zigafa zakugwa madenga ndi minda yotsala ziputu zokhazokha. Fungo la fodya linandikumbutsa a Lameki, amene anasankha masamba moyo wawo wonse mpaka zala zinada. Ndinalira pamwamba pa mabelopo, popeza panalibe wondiona.

Njira yonse ndinkayeserera mawu okanena. Ndinkakumbukiranso mafoni ake. Kale Tariro ankaimba Lamulungu lililonse, kuseka mpaka ndalama kutha m'foni. Maliro atadutsa, kuimba kwake kunafupika. Ankangofunsa kuti, "Ababa ali kuti?" Ife n'kuyankha kuti ali kuchigafa. Iye ankati, "Oho," n'kudula. Kenako anasiyiratu. Tinati mayeso amupanikiza, ndipo kunena zoona mitima inakhala pansi, chifukwa bodza lija linali litatitopetsa.

Ku Banket ndinatsika dzuwa litakwera. Ndinagula mbatata yowotcha, koma sindinaidye, ndinaikulunga m'chitenje. Ndinakwera mushikashika, tigalimoto tija timene opanga anati mukhale anthu asanu koma kuno timakhalamo ngati nkhuku zopita kumsika. Madola awiri mpaka ku Chinhoyi, ndipo theka la thupi langa linali pamiyendo ya mayi wina wachikulire. Atandimva ndikudandaula m'Chichewa anaseka.

"Kani ndinu a kwathu? Ine Nabanda, wa kumapulazi a ku Shamva."

Ndinamuuza za ulendo wanga. Kuseka kuja kunatha.

"Mwanayo pafoni amayankhula bwanji?"

"Anasiya kuimba. Mayeso."

"Wanganso anasiya kuimba," anatero a Nabanda. "Anali chaka chachiwiri ku yunivesite. Ukamufunsa, ndili bho mhamha, ndili bwino amayi. Atabwera pa holide ankangogona, ife n'kumati ulesi wa anthu ophunzira. Bambo ake ankamutukwana kuti adzuke. Tinamuika chaka chatha, anadzichotsera moyo yekha."

Munthu wa kutsogolo analowerera kuti ana a masiku ano ndi mankhwala ozunguza bongo basi. A Nabanda anangondigwira bondo n'kunena kuti, "Mukafika musayambe ndi za mayeso. Muyambe mwamuyang'ana." Kuchokera pamenepo galimoto ija ndinkaiona ngati ikuyenda pang'onopang'ono, ngakhale inkathamanga moopsa.

Ku Chinhoyi ndinafika masana. Ndinafunsira njira mpaka ndinapeza nyumba imene ana asukulu amachita lendi, zovala zili mbwee pawaya. Ananditsegulira mtsikana wamtali, Rumbi, wa ku Guruve, amene amagona chipinda chimodzi ndi Tariro. Sanandilowetse. Anandikokera kuseri, pafupi ndi mpopi, n'kuyamba kuyankhula m'Chishona motsitsa mawu.

"Ndinu tete? Mwabwera kudzanena za ababa ake? Akudziwa kalekale."

Ndinakhala pa ndowa, Rumbi n'kundifotokozera. A Lameki anali a gule, ndipo tsiku la maliro zilombo zinabwera kudzavina pakhomo monga mwa mwambo. Wina anajambula ndi foni, kanemayo anayenda mpaka anafika kwa Tariro mayeso atangoyamba. Anazindikira chitseko chobiriwira cha kwawo. Anaona mayi ake ali pamphasa, azimayi atawazungulira. Mwana wokulira pakomboni safunika kumuuza chimene gule amadzera pakhomo la munthu motero.

"Ndiye ankatifunsiranji kuti ababa ali kuti?"

"Ankafuna aone ngati mumuuze," anatero Rumbi. "Akadula foni ankatembenukira kukhoma. Ndinati ndikuimbireni, anakana. Anati asiyeni, kwa iwo ine ndine satifiketi."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo akundipwetekabe mpaka lero. Rumbi anapitiriza. Tariro anasiya kupita m'kalasi, anasiya kusamba, chakudya chinkaumira m'mbale. Mayeso sanalembe. Tsiku lina anadzuka n'kuyamba kugawa zinthu zake, nsapato kwa uyu, poto kwa uyo, mabuku kwa wina. Anzake anasangalala kuti wachira. Rumbi yekha ndiye anachita mantha, anamukhazika pansi n'kumufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Tariro anavomera. Tsiku lomwelo Rumbi anachotsa m'chipindamo chilichonse choopsa, anamuperekeza kwa mlangizi wa pasukulu, ndipo kuyambira pamenepo atsikanawo ankasinthana kukhala naye kuti asatsale yekha.

Ndinalowa. Makatani anali otseka. Tariro anali pabedi atavala chipewa chaubweya, masaya atalowa, maso akuluakulu. Sanadzuke kundilonjera.

"Tete," anatero, "ababa akadali kuchigafa?"

Mawu onse amene ndinayeserera pamwamba pa mabelo anathawa. Ndinangomasula duku lija n'kuliika pamiyendo. Anayang'ana mutu wanga kwa nthawi. Kenako anavula chipewa. Tsitsi lake, limene ankalisamala ngati dimba, linali litadulidwa ndi sizasi mwa apo ndi apo, pena pali tizilonda.

"Ndinameta ndekha," anatero. "Panalibe wondimeta."

Ndinalira mokweza mpaka ana a zipinda zina anatuluka. Iye sanagwetse msozi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira kulikonse. Ndinamuuza zonse, mmene chifuwa chinawagwirira bambo ake, tsiku limene anatisiya, ndi malo amene agona. Ndinatulutsa mbatata ija, anadya kachidutswa.

Tisananyamuke Rumbi anatitengera kwa mlangizi uja, mayi wofatsa wa magalasi. Anandiuza kuti mwanayu sanapenge ndipo sanalodzedwe, akudwala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Anati tisamusiye yekha, tisamuuze kuti angolimba mtima, timumvetsere ngakhale zonena zake zitiwawe, ndipo tibwere naye kuchipatala tsiku limene anatipatsa. Anandifunsa ngati m'nyumba timasunga mankhwala opopera fodya. Ndinati nyumba iliyonse pakomboni ili nawo kuseri kwa chitseko. Anati tikangofika, achoke. Za mayeso anati sukulu ili ndi njira yoti adzalembe akapeza bwino.

Pobwerera tinadutsa momwemo, mushikashika mpaka ku Banket, kenako kombi, minibasi ya ku Raffingora, imene inatisunga mpaka itadzaza. Tariro anakhala kuwindo, ine ndinamugwira dzanja ngati mwana wa chaka chimodzi. Titayamba kuona zigafa zija, anatembenukira kwa ine.

"Ababa anandifunsa?"

"Anakufunsa. Tinawauza kuti ukuwerenga."

Anatsamira paphewa langa, ndipo misozi inayamba, yambiri, yopanda mawu. Anthu a m'kombi anayang'ana kumbali.

Tinafika pakomboni dzuwa likupendeka. Woyamba kutichingamira anali a Zuze, mkulu amene anatsogolera zoti timubisire. Anamwetulira, natambasula dzanja.

"Wafika dokotala wathu! Nanga mayeso wakhoza?"

Ine sindinayankhepo mkulu mwamwano chibadwire, koma tsiku limenelo ndinaima pakati pawo. Ndinati, "A Zuze, mwanayu wabwera pamaliro a bambo ake. Mupepeseni kaye." Anayang'ana mutu wa Tariro, dzanja lija linatsika lokha. Tariro ndinamupereka kwa mayi ake, ine n'kulowa m'nyumba kukatuta mabotolo onse a mankhwala, ndinakawatsekera kwa aneba.

Sindinganame kuti wachira. Pali masiku amene amadya n'kucheza, pali ena amene sadzuka, ndipo masiku amenewo sindipita kuganyu. Kuchipatala tikupita. Akuluakulu ena akunenabe kuti cholakwa chinali foni ija, osati ife. Ine ndinaona chipinda chija ndi maso anga. Tinabisa maliro amodzi kuti tipulumutse mayeso, ndipo tikanakumba manda achiwiri pakanapanda mwana wa eni wa ku Guruve amene anafunsa funso limene ife abale ake sitinafunse. A Lameki tinawalira komboni yonse, ndi ng'oma zomwe. Mwana wawo anawalira yekha, atayang'ana kukhoma, ife tikumuuza kuti ali kuchigafa.