Zala za Bambo Goodwill

Mayi Nelia Kachingwe, wa ku Ntcheu, akalambira ku Glasgow akukolopa m'nyumba yosungira zinthu zakale, m'chipinda cha mabokosi a maliro a ku Iguputo. Sukulu sanapite nayo patali, koma makutu ali nawo akuthwa, moti miseche siwadutsa. Tsiku lina anamva woperekeza alendo akufotokoza kuti timbalame ndi tinjoka tojambulidwa pamabokosipo ndi zilembo, ndipo zinakhala zaka mazanamazana popanda woziwerenga. Akatswiri anapeza poyambira atatola mwala wolembedwa uthenga umodzi m'Chiiguputo ndi m'Chigiriki. Anayamba ndi maina a mafumu, poti dzina limamveka chimodzimodzi kulikonse, kenaka n'kumakwawira ku mawu ena.

Nzeruyo anapita nayo kunyumba ku Govanhill, kumene amuna awo, a Goodwill, anali duu chiwagwirereni sitiroko. Chinatsala ndi zala zakumanzere, zongogogoda ndi kukanda bulangete. Mayiwo anayamba kutchula maina a ana. "Towera," chala chinazungulira. "Percy," chikhatho chinamenya. Atati "Nelia," bambowo anagwira pachifuwa. Pang'onopang'ono anadziwa madzi, ululu, inde ndi ayi.

Ndiye kunabwera mayi wa ku boma woona za odwala, kudzamva ngati a Goodwill apite kunyumba yosamalira okalamba. Mayi Nelia mtima unali m'mwamba. Kwawo mkazi sapereka mwamuna wake kwa alendo manja ali nawo. Ku mpingo akanayang'ana ndani? Msana unali utatha kale ndi kunyamula munthu wamkulu, koma zimenezo sankauza munthu.

"Afunseni ngati akufuna kukhala pano," anatero mlendoyo m'Chingerezi.

"Bambo a Towera, mukhala konkuno, eti?"

Chala chinakanda cham'mbali. Ayi.

Mayi Nelia anafunsanso. Ayi yemweyo. Kenaka bambowo anagwira pachifuwa, n'kufinya bulangete. Nelia, ululu.

Mlendoyo anadikira, cholembera chili m'manja. Zalazo sankazimva, ndipo chilichonse chimene Mayi Nelia akananena akanalemba. Bodza linafika pamlomo, lokonzeka kale. Koma a Goodwill anawayang'anitsitsa osaphethira, ndipo Mayi Nelia anachita manyazi, mkwiyo ndi chisoni pakamodzi. Anatembenukira kwa mlendoyo.

"Akuti apita," anatero. "Akuti ine ndatopa."