Maso a Kapitawo

Ine amene ndikulemba pano ndinapereka maso awiri ku sayansi, ndipo dziko silinandithokozebe. Kunena zoona, masowo sanali anga. Anali a mphaka wanga, Kapitawo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku malaini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Kapitawo atagwira anapiye a aneba, bambo analamula kuti azitsekeredwa m'khitchini usana ndi usiku. Kusaka mbewa kunathera pomwepo. Chaka chomwecho ananditumiza kwa azakhali ku Luchenza kukaphunzira. Holide iliyonse ndinkathyola tiyi, zala zikuwawa ndi mame, n'kusiyira achemwali anga a Esinati ndalama ya usipa wa mphakayo.

"Pita mtima uli m'malo, achimwene," ankatero. "Bwana wakoyu azidya ngati manijala."

Chaka chitatha, ndinapeza Kapitawo akuwomba mutu pa mtondo, maso ali tong'o ngati mabatani. Achemwali anapukusa mutu mwachisoni.

"Aneba aja amulodza. Anapiye awo aja sanawaiwale."

Ndinalira, ndipo zaka zisanu ndi zitatu sindinawapatse moni anebawo.

Ndili kukoleji, kumene ndinakhalako zaka ziwiri maphunziro asanatope nane, aphunzitsi anatchula tawurini, kanthu ka m'gulu la ma amino asidi kopezeka mu nyama ndi nsomba. Anati thupi la mphaka silipanga wokwanira. Akamusowa kwa miyezi yambiri, kachikopa ka mkati mwa diso kolandira kuwala kamafa pang'onopang'ono, osadzukanso. Anzanga ankalemba notsi. Ine ndinatuluka kukaimba foni.

"Achemwali, Kapitawo ankadya chiyani?"

"Iii, wakufa uja? Mkute ndi msuzi wa nandolo. Ankanyambita mbale bwinobwino."

"Nanga usipa?"

"Iwe, mphaka adye usipa anthu tikudya chisoso? Usipa tinkagula, ee. Ndipo pa holide unkadya nawo, n'kumapemphanso wina."

Anaseka mpaka foni inaduka.

Lero ndikudziwa kuti diso limadya zimene pakamwa padya, ndiponso kuti wokuuza dzina la mfiti mwachangu uzimuyang'ana m'mbale. Aneba aja anamwalira ndisanawapepese. Achemwali ali moyo, ndi onenepa, amaimba kwaya.

Choonadi chonsechi chinandidyera mayunitsi a K70.